Kodi Mkristu Wosweka Mtima Wataya Mulungu?

Pali funso limodzi limene akatekisiti a kwa Goliati ndi a m'midzi yozungulira minda ya tiyi ya ku Thyolo amakomana nalo kawirikawiri, ngakhale kuti silifunsidwa poyera m'tchalitchi. Limafunsidwa motsitsa mau, mapemphero a mphakati atatha, anthu ena atabalalika. Wofunsayo mwina ndi mai amene mwamuna wake adapita ku Joni zaka zapitazo, osatumiza mau kapena ndalama. Mwina ndi bambo amene ntchito yothyola tiyi yamthera pamodzi ndi mvula, ngongole ya katapila ili pakhosi. Mwinanso ndi mnyamata amene adakhoza mayeso a Fomu 4, koma dzuwa limamtulukira ndi kumlowera ali pakhonde. Mau ao amasiyana, koma funso ndi limodzimodzi: "Ndimapemphera, ku Misa sindijomba, komabe mtima sukhala pansi, tulo sindilupeza, ndipo kukacha sindikondwa kuti kwacha. Kodi chikhulupiriro changa chidatha? Kodi Mulungu adandifulatira, kapena ndine ndidamtaya?"

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mosamala, pakuti yankho lolakwika likhoza kumaliza munthu amene mabvuto adamfoola kale. Alipo Akristu achangu amene amayankha msanga kuti, "Limbikirani kupemphera, Mkristu weniweni sadandaula." Aliponso ena amene amati chisoni chosatha ndi chiwanda, kapena chilango cha tchimo lobisika. Wosweka mtima uja akamva zotere amabwerera kunyumba atasenza akatundu awiri: chisoni chake chakale, ndi manyazi atsopano akuti iye ndi Mkristu wachabe. Eklezia saphunzitsa motero. Chimene aphunzitsa ndi chakuti chisoni cha mumtima si tchimo, ndi kuti chiyembekezo cha Chikristu chikhoza kukhala chamoyo mwa munthu amene misozi ili m'masaya.

Katundu wa anthu a ku Thyolo

Munthu asanaweruze mitima ya anthu a dera limeneli, ayambe wadziwa njira imene makolo ao adayenda. Ambiri a iwo ndi zidzukulu za Alomwe amene adaoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pothawa nkhanza za Apwitikizi, ntchito yokakamiza ndi njala. Pofika kuno adapeza malo ambiri abwino ali kale m'manja mwa Azungu, ndipo kuti apeze pomanga nyumba ndi polima adagonjera thangata, ndiko kugwira ntchito m'munda wa mwini esiteti m'malo mwa lendi, makamaka nyengo ya mvula, pamene minda yao yomwe inalikulira khasu. Mu 1949 kudagwa njala yoopsa m'chigawo cha kumwera. Mu 1953 mkwiyo wa anthu udaphulika m'boma la Thyolo, ndipo mwazi udakhetsedwa. Thangata lidathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma kuchepa kwa malo kudatsala. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'bomali, pamene nthaka yambiri yachonde ili pansi pa tiyi ndi mbeu zina za m'maesiteti.

Ntchito ya tiyi imayenda ndi nyengo. Mvula ikagwa masamba amaphuka, manja ambiri amafunika, dengu limadzaza ndipo sikelo imayankha. Mvula ikakata, ambiri a aganyu amauzidwa kuti ayambe apumula, koma mimba ya ana sipumula, ndipo tsiku lobweza ku banki m'khonde silisuntha. Mwamuna wa chikamwini, amene akhala pamudzi pa mkazi wake, akasowa ndalama amaona ngati wasowanso ulemu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adasesa chigawo cha kumwera. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo alipo mpaka lero amene mtima umawagunda akangomva mvula yayamba usiku padenga. Ku Ndata, pafupi ndi kwa Goliati, kudatsegulidwa mu 2014 sukulu yaukachenjede ya sayansi. Ndi chinthu chonyaditsa, komatu mwana wanzeru amene adalekeza sukulu chifukwa chosowa fizi akamaona anzake a msinkhu wake akulowa pachipata chimenecho, mumtima mwake mumawawa.

Pamalo potere chikadakhala chodabwitsa mitima ikadapanda kulemedwa. Koma pali chinthu china choyenera kukumbukira. Ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, natsegula misiyoni ya Nguludi, m'boma loyandikana la Chiradzulu, mu 1903. Ndipo ambiri amene adalandira ubatizo m'madera ano adali anthu omwewo a thangata, alendo opanda malo. Chikhulupiriro chidamera pakati pa anthu olemedwa kuyambira pachiyambi. Tsono sichingakhale chikhulupiriro cha anthu okondwa okhaokha.

Chisoni si tchimo

Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, aphunzitsa kuti zimene munthu amamva mumtima, monga mantha, mkwiyo, chimwemwe ndi chisoni, pazokha si zabwino kapena zoipa. Zimasanduka zabwino kapena zoipa potsata chimene nzeru ndi kufuna kwa munthu zichita nazo. Munthu sachimwa chifukwa chakuti wamva njala, amachimwa akaba. Momwemonso munthu sachimwa chifukwa mtima wake wasweka. Tchimo lifuna kudziwa ndi kufuna, ndipo palibe amene amasankha kuti usiku uno asagone ndi nkhawa.

Umboni woposa wonse ndi Ambuye Yesu mwini wake, amene sadachimwepo. Pamanda a Lazaro adalira misozi anthu akuona, chikhalirecho adadziwa kuti amuukitsa nthawi yomweyo. M'munda wa Getsemani chisoni ndi mantha zidamgwira kotero kuti adapempha ophunzira atatu kuti akhale naye maso, pakuti sadafune kukhala yekha usiku umenewo. Pamtanda adapemphera ndi salimo la munthu woona ngati Mulungu wamsiya. Ngati Mwana wa Mulungu adalira poyera, napempha anzake kuti amperekeze pa chisoni chake, mau aja akuti mwamuna salira alibe malo pakati pa Akristu. Mau amenewo aika amuna ambiri m'manda, ena kudzera ku kachasu, ena mwa njira zina.

Mneneri Eliya atapambana aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, adathawa Yezebele, nalowa m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha Mulungu kuti amchotsere moyo. Mulungu sadamdzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Adamlola kugona, namtumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, kawiri konse. Pambuyo pake ku phiri la Horebu adalankhula naye mofatsa, nampatsa ntchito yatsopano ndi mnzake womthandiza, Elisa. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene adangokhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atayamba kumfunafunira tchimo, ndipo kumapeto kwa nkhaniyo amene Mulungu adawakwiyira ndi iwowo.

Anthu oyera a nthawi zapafupi adayendanso njira yomweyi. Thérèse Woyera wa ku Lisieux, kuyambira pa Paskha wa 1896 mpaka imfa yake mu 1897, akudwala chifuwa chachikulu, adakhala mumdima waukulu wa mumtima, osamvanso kukoma kwa za kumwamba. Adamwalira ali ndi zaka 24, akukhulupirirabe. Amai Teresa a ku Calcutta adatumikira amphawi zaka makumi ambiri osamva chitonthozo cha Mulungu m'mapemphero ao, ndipo dziko lidadziwa bwino zimenezi makalata ao atasindikizidwa mu 2007, iwo atamwalira kale. Eklezia adawerenga makalatawo asanawatchule oyera mu 2016. Tsono mai wa kwa Goliati amene apemphera korona mtima uli wouma ali pagulu la anthu olemekezeka.

Nanga chiyembekezo nchiyani?

Anthu ambiri amasokoneza chiyembekezo ndi chisangalalo, kapena ndi chibadwa cha munthu amene sachedwa kuseka. Chisangalalo chimadza ndi kupita ngati chiperoni cha mwezi wa Juni, ndipo chibadwa ndi mphatso imene ena ali nayo, ena alibe. Chiyembekezo cha Chikristu ndi chimodzi mwa zabwino zitatu zimene Mulungu amathira mumtima pa ubatizo, pamodzi ndi chikhulupiriro ndi chikondi. Mwa icho munthu amafuna Mulungu ndi moyo wosatha ngati chuma chake chenicheni, nadalira malonjezo a Kristu ndi chaulere cha Mzimu Woyera koposa mphamvu zake. Malo ake ndi m'kufuna kwa munthu. Nchifukwa chake chikhoza kukhalapo ngakhale munthu asakuchimva. Bambo amene adzuka m'mawa mtima uli wolemera, nachita chizindikiro cha mtanda, natenga khasu chifukwa cha ana ake, wachita ntchito ya chiyembekezo, angakhale iye mwini sadziwa.

Chiyembekezo chili ndi adani awiri. Woyamba ndi kutayiratu mtima, pamene munthu mwadala atsimikiza kuti Mulungu sangamkhululukire kapena kumthandiza. Wachiwiri ndi kuyesa Mulungu, pamene munthu apinda manja nanena kuti Mulungu achita zonse, iye osalapa, osalima, osapita ku chipatala. Kusiyana kwa chisoni ndi kutayiratu mtima kumaoneka bwino mwa Petulo ndi Yudasi. Onse awiri adalakwira Ambuye usiku umodzi, ndipo onse awiri chidawawawa. Yudasi adafika pobweza ndalama zija. Koma Yudasi adapita yekha ndi chisoni chake, ndipo chidamuononga, pamene Petulo adalira kwambiri nabwerera kwa anzake, ndipo m'mawa wa Paskha adapezeka ali pakati pao. Za chiweruzo cha Yudasi adziwa ndi Mulungu yekha. Phunziro la amoyo ndi lakuti chisoni chimaopsa kwambiri munthu akachitengera kumalo kwa yekha.

Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya 2007 yonena za chiyembekezo, yotchedwa Spe Salvi, adapereka chitsanzo cha mwana wa mu Afrika, Josephine Bakhita Woyera. Iyeyu adabadwira ku Darfur m'dziko la Sudan cha m'ma 1869, adagwidwa ukapolo ali kamtsikana, nagulitsidwa kangapo, namenyedwa, nachekedwa thupi mpaka kutsala ndi zipsera zoposa 100. Adabatizidwa ku Venice mu 1890, nakhala sisitere mpaka imfa yake mu 1947. Ubatizo sudafafanize zipsera zake, ndiponso sudambwezere makolo ake. Chimene adapeza ndi kudziwa kuti pamwamba pa ambuye onse amene adamgula pali Ambuye wina amene amamdziwa, amamkonda, amene nayenso adakwapulidwa, ndipo alikumdikira. Anthu amene makolo ao adadziwa thangata sangalephere kumva nkhani imeneyi.

Kutayiratu mtima kuli ndi bodza limodzi lalikulu: kumadziyesa kodziwa za mawa. Anthu a ku Thyolo ali ndi umboni wao pa chimenechi. M'zaka za m'ma 1990 munthu akapezeka ndi kachirombo koyambitsa Edzi adali ngati wamva tsiku la maliro ake, ndipo mabokosi ankatuluka m'midzi sabata ndi sabata. Mu 2003 mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'bomali, mothandizana ndi madokotala a Médecins Sans Frontières, ndipo ambiri amene abale adali atawalira kale adadzuka, nalera ana ao, ena lero alikuona zidzukulu. Palibe amene akadalosera zimenezi pa nthawi ya mdima ija. Akuluakulu adanena kuti sunga khosi, mkanda uoneka. Mkristu amabvomera mwambi umenewu, naonjezapo kuti ngakhale mkanda wa pansi pano utapanda kuoneka, Mulungu amene adaukitsa Yesu kwa akufa sanama.

Phunziro la mtengo wa tiyi

Aliyense wokhala pafupi ndi esiteti adaonapo munda wa tiyi utaduliridwa m'nyengo yachilimwe. Pamene padali pobiriwira ngati mphasa pamatsala zitsa ndi nthambi zotuwa, ndipo mlendo wodutsa angalumbire kuti mundawo wafa. Wodziwa ntchito sada nkhawa, pakuti adziwa kuti chakudya cha mtengowo chasungika m'mizu, mmene diso silifika, ndi kuti pakapita masabata mphukira zidzatuluka. Mtengo wa tiyi umakhala zaka makumi ambiri, nuduliridwa kambirimbiri pa moyo wake.

Fanizo limeneli lisapotozedwe. Silitanthauza kuti tsoka lililonse ndi mpeni wa Mulungu. Mwamuna wothawa banja, wakatapila wolanda mbuzi ya mai wamasiye, kapitao wofuna chiphuphu kapena thupi la mkazi kuti amlembe ntchito, amenewa sachita kufuna kwa Mulungu, ndipo adzayankha mlandu. Chimene fanizoli liphunzitsa ndi chakuti moyo wa chaulere suyesedwa ndi masamba ooneka. Pali nyengo zina pamene Mkristu alibe chilichonse chobiriwira chosonyeza: pemphero ndi louma, nyimbo sizimkoma, nkhope yagwa. Mizu yake, ndiyo ubatizo wake ndi kukhulupirika kwa Mulungu, ili pomwepo. Ignatius Woyera wa ku Loyola adalangiza kuti munthu asasinthe zimene adatsimikiza pa nthawi ya kuwala pamene ali m'nthawi ya mdima. Nyengo yotere si yothetsa banja, si yosiya Masakramenti, si yogamula za moyo. Mlimi sazula tiyi m'mwezi umene wamdulira.

Mau a otsutsa

Pali anthu ena, makamaka achinyamata ophunzira, amene amati chiyembekezo chotere ndi mankhwala ogonetsa amphawi tulo. Amati munthu wolandira malipiro osakwana thumba la chimanga afunika malipiro, ndipo kumuuza za kumwamba ndi kuthandiza olemera kuti agone mwamtendere. Mau amenewa asanyozedwe, pakuti alipo alaliki amene adachitadi zotero, ndipo kuuza munthu wanjala kuti apirire, wonenayo atakhuta, ndi chipongwe pamaso pa Mulungu.

Komabe mbiri ya dziko lino iyankha mwa njira ina. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi. Idanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira, za kuchepa kwa mankhwala ndi sukulu, ndi za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Pa nthawi imeneyo kunena zotere kudali kuika moyo pachiswe, ndipo Aepiskopi adaopsezedwadi. Chaka chotsatira anthu adabvota pa referendamu, nasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Amene adalemba ndi kuwerenga kalata ija adalimba mtima chifukwa adakhulupirira kuti pali Woweruza woposa boma. Munthu wotaya mtima sapita ku msonkhano wa bungwe la antchito, sakasuma kwa mfumu, sabzala mtengo. Amangoti zonse nchimodzimodzi. Amene ayembekeza ndiye amene amaimirira. Tsono chiyembekezo choona chimatuma Mkristu kukafuna chilungamo, ndiponso chimamgwiriziza pamene chilungamocho chachedwa, monga chimachedwera nthawi zambiri.

Pamene chisoni chasanduka nthenda

Chisoni china chimapola ndi nthawi, monga chilonda. China chimazika mizu nichisanduka nthenda. Munthu akakhala masabata angapo osagona bwino, osafuna chakudya, osasamba, osakondwa ndi zimene kale zidamkondweretsa, akudzipatula ndi kunena kuti kuli bwino atangofa, ameneyo akudwala, monga momwe adwalira wa malungo kapena wa shuga. Zimachitikanso kwa amai ena atangobereka kumene. Wotere apemphereredwe, inde, koma aperekezedwenso ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha boma ku Thyolo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba. Mankhwala ndi uphungu zimathandiza, ndipo kuzikana m'dzina la chikhulupiriro ndi kuyesa Mulungu kuja. Eklezia mwini wake ali ndi ntchito yotere: Abulazala a John of God Woyera amasamala odwala maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Woyambitsa chipani chao, amene adamwalira ku Granada m'dziko la Spain mu 1550, adatsekeredwapo iye mwini m'chipinda cha odwala misala, nakwapulidwa monga ankachitira masiku amenewo. Atatuluka adapereka moyo wake wonse kuti odwala asamalidwe mwaulemu.

Apolisi a dziko lino akhala akulengeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja. Eklezia aphunzitsa kuti moyo ndi wa Mulungu, ndipo munthu alibe ufulu wouchotsa. Aphunzitsanso kuti kusokonezeka kwa maganizo, nkhawa yoopsa ndi mantha aakulu zikhoza kuchepetsa mlandu wa wochita zimenezi, ndi kuti Akristu asataye mtima za chipulumutso chake, pakuti Mulungu ali ndi njira zodziwa yekha zofikira munthu pa mphindi yotsiriza. Malamulo akale a Eklezia, a mu 1917, ankaletsa mwambo wa maliro a Chikristu kwa odzipha; malamulo a mu 1983 adachotsa chiletso chimenecho. Akatekisiti, amene ndiwo amatsogolera maliro ambiri m'midzi, adziwe bwino zimenezi, kuti asaonjezere mwala pa banja limene laphwanyika kale. Ndipo munthu akangotchula zofuna kudzichotsera moyo, mau akewo asatengedwe ngati nthabwala: asasiyidwe yekha, zinthu zoopsa zichotsedwe pafupi naye, ndipo abale, wansembe ndi achipatala adziwitsidwe tsiku lomwelo.

Miyala isanu

Dzina la Goliati limakumbutsa Mkristu aliyense za chimphona chija cha Afilisti. Malembo asimba kuti chidatuluka m'mawa ndi madzulo masiku 40, chikunyoza ankhondo a Israele, ndipo iwo adafooka ndi mau okha, nkhondo isanayambe. Nkhawa imachita chimodzimodzi: imadza mbandakucha ndi pogona, ndi mau omwewomwewo, akuti palibe chimene chidzasinthe. Davide adakana zida zolemera za mfumu Saulo, natola timiyala tisanu mumtsinje. Zida za munthu wosweka mtima nazonso nzazing'ono, ndipo zili pafupi.

Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira mu 1274, adatchula zinthu zisanu zochepetsa chisoni, ndipo nzodabwitsa kuti munthu wozama chotere adatchula zinthu wamba. Choyamba ndi kanthu kalikonse kabwino kokondweretsa, monga chakudya chokoma, nyimbo za kwaya, kapena bawo pansi pa mtengo. Chachiwiri ndi kulira, pakuti chowawa chotsekeredwa m'kati chimakula. Chachitatu ndi chifundo cha abwenzi, chifukwa katundu wogwirizana amapepuka, ndiponso munthu akaona anzake akumva naye chisoni amadziwa kuti amakondedwa. Chachinai ndi kusinkhasinkha zoona, makamaka zoona za Mulungu. Chachisanu ndi tulo ndi kusamba, pakuti thupi ndi mzimu ndi munthu mmodzi. Pamwamba pa zimenezi Mkristu ali ndi Sakramenti la Kulapa, pamene chimene chimlemera ndi tchimo lenileni, ndi Ukaristia, umene suli mphotho ya okondwa koma chakudya cha apaulendo, monga mkate uja wa Eliya.

Chachitatu chija ndicho chili m'manja mwa mpingo wonse. Aepiskopi a kum'mawa kwa Afrika atagwirizana m'zaka za m'ma 1970 kuti Eklezia amangidwe pa miphakati, cholinga chidali chakuti Akristu oyandikana nyumba adziwane ndi kusenzana akatundu. Mphakati umene umangosonkhetsa zopereka ndi kuwerenga maina sudafike pa cholinga chimenecho. Anthu a kuno amadziwa kukhuza maliro: amagona pasiwa, amatunga madzi, amaphika. Koma masiku a maliro akatha onse amabwerera kwao, ndipo mai wamasiye amayamba kulira kwenikweni mwezi wachiwiri, pamene palibenso wobwera. Pamenepo mpamene mphakati uyenera kufika. Bambo amene wasiya kubwera ku mapemphero ntchito itamthera ayenderedwe ndi abambo anzake, osati kukamfunsa za chakhumi, koma kukakhala naye. Kalikokha nkanyama, adatero makolo.

Katekisiti wofunsidwa funso lija asathamangire kuyankha. Ayambe wamvetsera mpaka munthuyo atatsiriza, monga adachitira Ambuye pa njira ya ku Emausi, pamene adayenda ndi ophunzira awiri achisoni nawalola kukhuthula zonse asanawatanthauzire Malembo. Asunge chinsinsi, pakuti nkhani ya munthu ikamveka pachitsime sadzabweranso wina. Asalonjeze zimene Mulungu sadalonjeze, monga kuti akapemphera novena ngongole idzatha kapena mwamuna adzabwerako ku Joni. Lonjezo lotere likalephera limagwetsa chikhulupiriro pamodzi nalo. Afunse ngati munthuyo akudya, akugona, ndiponso ngati ali ndi womkhulupirira. Azindikire pamene nkhani yamkulira, naitengere kwa bambo mfumu kapena kwa achipatala. Ndipo akumbukire kuti iyenso ndi munthu, wokhoza kutopa, woyenera kukhala ndi wina womuuza zakukhosi.

Chaka Choyera cha 2025, chimene Papa Francis adatsegula pa 24 Disembala 2024, chidatchula Akristu onse kuti ndi amwendamnjira a chiyembekezo. Wapaulendo amatopa, amatuluka matuza, nthawi zina amakhala pansi m'mbali mwa njira nalira. Chikhalirecho akadali paulendo. Tsono amene afunsa ngati wataya Mulungu chifukwa mtima wake wasweka ayankhidwe mosabisa kuti iai. Kufunsa kwake komweko kusonyeza kuti akali kumfuna, ndipo palibe amene amafuna Mulungu popanda Mulunguyo kuyamba kumkoka. Chotsalira nchakuti Akristu anzake amgwire dzanja, ayende naye mpaka mphukira zitaoneka.